Chigubu Chasiliva cha Alamu

"Manja awa asakanizira mowa anthu amene inu mumangowaona pa TV," anatero alamu anga, atawayala pakauntala ngati akuwagulitsa. "Mohito ndimapanga nditatsinzina. Makiyi a bala ino akapita kwina, ndiye kuti chilungamo chinatha."

Alamu amenewa ndi mwamuna wa mng'ono wanga. Anakagwirako ntchito kunja zaka ziwiri, pahotela ina imene imakula nthawi iliyonse akamaifotokoza. Chaka chatha inali ya nsanjika khumi, pano yafika makumi atatu. Anabwerako ndi tayi, kamimba, ndi chigubu chasiliva chokhutchumulira mowa, chimene amachipukuta kuposa mmene amapukutira mphuno ya mwana wawo.

Bala ndi ya amayi. Maondo awakana, ndiye anati apereka makiyi kwa mmodzi wa ife awiri, winayo azingotumidwa. Ine mwana wawo wamkazi ndaima kuseri kwa kauntala imeneyi zaka zisanu ndi zinayi. Ndimadziwa mpando umene uli ndi msomali woluma, ndimadziwa kasitomala amene amalira akafika botolo lachitatu. Koma amayi akaona tayi, nzeru zimapita kokayenda.

"Lachiwiri masana, kusanabwere anthu," anatero amayi. "Aliyense apange chakumwa chamasamba chija akufunsa atsikana a m'maofesi masiku ano. Ndilawa ndekha."

Lachiwirilo anabwera atavala wigi yatsopano ndi diresi loyera, ngati akukalandira mendulo. Anakhala pakauntala n'kuika makiyi patsogolo pawo.

Ndinayamba ine. Mohito si ufiti, ndi zinthu zochepa, koma chilichonse chili ndi khalidwe lake. Masamba a minti ali ngati mwana wa eni ake: umangowawomba pang'ono m'manja kuti atulutse fungo, ukawasinja amakubwezera kuwawa. Ndimu afunika wamng'ono wobiriwira uja, ndipo ndi wamwano, ndiye shuga amalowapo ngati mkhalapakati. Mowa wake ndi ramu, akhale woyera, osati wakuda wonunkha kabati yakale. Kenako ayisi wophwanya, tambula idzaze. Soda amabwera pomaliza, pamwamba, n'kutakasa kamodzi ndi supuni basi, chifukwa soda ndi wa mtima wapachala. Safuna kugwedezedwa.

Amayi analawa.

"Eya, zili bwino," anatero, ndi mawu omwe aja amanena ndikasesa pakhonde. Maso anali kale pachigubu.

"Mwayesetsa, alamu," anatero alamu anga. "Kwa munthu amene sanakwerepo ndege, mwayesetsa ndithu. Koma ameneyu ndi tiyi wozizira."

"Tiphunzitseni, bwana."

Anapinda malaya mpaka m'zigongono. Anatenga minti wodzaza dzanja n'kumuponya m'chigubu, mapesi ndi zonse, n'kuyamba kumusinja ndi chogwirira cha mpeni ngati anawalakwira. Ndimu anamufinya mpaka khungu linalira. Shuga sanayeze. Ramu anathira kuchokera m'mwamba, botolo lili pafupi ndi khutu, theka n'kugwera pansapato.

"Kumeneko timati sitayilo, amayi."

"Ndaona, bambo," anatero amayi, chala chikukankhira makiyi pang'ono kumbali ya mkamwini wawo.

Ndinadziona ndikutsuka matambula mpaka ukalamba, bwana wanga ali munthu amene sadziwa kumene timazimitsira firiji.

"Alamu, soda," anatero alamu anga akuliza zala.

"Wa mufiriji kapena wa mukireti?"

"Aliyense. Katswiri sasankha."

Ndinawapatsa wa mukireti. Kiretiyo inali itangotsika m'galimoto, itadumpha mabampu onse a mumsewu, kenako n'kuwothera dzuwa pawindo. Potsekula anachita kufwenthera. Alamu anapendeketsa botolo lonse m'chigubu.

"Alamu, soda m'chigubu?"

Ndinafunsa, Mulungu ndi mboni, ndipo amayi anamva.

"Mwaonatu, amayi? Izi ndi zimene ndimanena. Zinthu zimayenera kudziwana m'katimu. Munthu akangozolowera kutsekula mabotolo, zakuya sangazimve."

"Pepani, ine sukulu ndinalekera panjira."

Pamenepo ndinadziwa ntchito imene ankagwira kuhotela kuja. Chigubu anachiona ndithu, koma anachionera patali, mwina akudutsa ndi masutikesi a alendo. Anaona anthu akukhutchumula, sanaone zimene sankaikamo. Ndinasuntha matambula abwino, ndinachotsa wailesi, n'kukaima kuseri kwa chitseko cha firiji ngati ndikufuna ayisi.

"Ukuthawa chiyani iwe?" anafunsa amayi.

"Ndikupatsa katswiri malo."

Alamu anatseka chivundikiro n'kuchimenya ndi chikhatho.

"Amayi, senderani pafupi. Izi simudzazionanso kwina."

Apo sananame. Amayi anasendera, chibwano chili pamwamba pa kauntala. Alamu anakweza chigubu paphewa, anatsinzina monga analonjezera, n'kuyamba kukhutchumula, chiuno chikuthandizira. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu chigubu chinayamba kulira ngati tayala lobooka, iwo n'kumwetulira, kuyesa ndi nyimbo.

Kachinayi chinati phuu!

Chivundikiro chinawomba wigi ya amayi n'kupita nayo pashelefu ya mabotolo. Zotsalazo zinatsatira: thovu, ramu, ndi phala lobiriwira lija, kuyambira pamphumi mpaka pamiyendo ya diresi loyera. Alamu anatsala atagwira theka la chigubu, tayi ikudontha, diso limodzi lokha litatseguka.

Amayi sanakuwe. Anachotsa phesi la minti pansidze, n'kuliyang'ana. Kenako anaika chala pamakiyi, n'kuwakoka pang'onopang'ono m'chithaphwi cha soda, mpaka anafika kumbali ya firiji.