Koka, Wapansi

Chipika chinandipeza pakhutu lakumanzere ndisanadziwe n'komwe kuti achimwene aponya kanthu. Ndinagwa chagada m'dzenje lochekeramo matabwa, m'kamwa mutadzaza utuchi ndi magazi. Pamwamba pa mtengo umene tinkachekawo iwo anali chiimire, maso ali psuu.

"Taona thabwali! Lakhota ngati mwendo wa galu. Ndikati koka, uzikoka! Makutuwo ndi omvera kapena okongoletsera mutu?"

Tinali titacheka limodzi zaka zisanu ndi ziwiri m'nkhalango imeneyo. Sowo yaitali imafuna anthu awiri: wapamwamba amaitukula akutsata mzere wa makala, wapansi amaikoka akudya utuchi. Thabwa likakhota, wolakwa ndi woona mzere. Wocheka aliyense amadziwa zimenezi, koma kwathu mlandu unkatsika ngati utuchi womwewo, wonse pamutu panga. Ngakhale dzina langa achimwene anali atalitaya kalekale. Ankangonditcha Wapansi.

Tsiku limenelo pakamwa panandiyabwa.

"Koma achimwene, mzere mumauona ndinu."

Anadumphira m'dzenjemo ndi miyendo yonse iwiri. Chidendene chinandipeza m'nthiti, chibakera chinandigulula dzino. Nditaona dzanja lawo likufufuza chikwanje m'utuchi, ndinadziwa kuti ubale wathera pomwepo. Ndinakwawa n'kutuluka, kenako ndinaliyatsa liwiro kulowera kumunsi, kumene ocheka sapitako chifukwa mitengo yake ndi yofewa.

Sindidziwa kuti ndinathamanga nthawi yaitali bwanji. Ndinangozindikira kuti nkhalango yatseguka ndipo ndaima m'mphepete mwa dambo. Panali udzu wobiriwira bwino, woyalana ngati mphasa, koma nditaupondako ndi chala unagwedezeka wonse. Munthu wokhalira pansi amaidziwa nthaka. Ndinaulambalala, n'kuyenda pamtengo wakugwa mpaka pakachulu kouma pakati pa madzi.

Apo ndinakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo sindinamve kulira kwa sowo. Madzi anali bata, akuda ngati tiyi wopanda mkaka, maluwa a kakombo ataphuka pamwamba pake. Kakowa anaima ndi mwendo umodzi osandilabadira. Magazi a kukhutu kwanga ankadonthera m'madzimo, tinsomba n'kumabwera kudzaona chagwa. Ndinalira, sindibisa. Sindinalire chifukwa cha nthiti, koma chifukwa malo okongola chonchi anali pafupi nthawi yonseyi, ine ndili m'dzenje kuyang'ana mapazi a munthu.

Dzuwa litapendeka, kakowa uja anauluka mwadzidzidzi.

"Wapansi! Ndakuona! Lero ndikuduladula ngati nthambi!"

Achimwene anatulukira m'mabango, chikwanje chili m'mwamba. Maso awo, ozolowera mzere wowongoka, anayeza njira yachidule yofika pamene ndinali, ndipo anathamanga molunjika paudzu wobiriwira uja. Phazi lachitatu silinabwerenso. Analowa mpaka m'mawondo, atadzigwedeza analowa mpaka m'chiuno. Anaponya chikwanje ndi ukali wonse. Chinandiphonya pang'ono, n'kukazikika m'matope pambali pa kachulu, chigwiriro chili m'mwamba.

Pafupi nane panali nthambi yaitali youma. Ndinainyamula. Ndinaima pamtengo wakugwa uja, iwo ali pansi panga, ndipo ndinaona pakati pa mutu wawo pamene tsitsi linayamba kuthothoka. Zaka zonsezo ndinali ndisanapaonepo. Manja anga anaikweza okha nthambiyo, ndipo ndikanama ndikati mtima sunafune kuitsitsira pomwepo.

"Ukuyang'ana chiyani, galu iwe? Bweretsa kuno! Koka!"

Ndinaitsitsa, koma pamadzi, pambali pa khutu lawo. Matope anawathovukira kumaso. Kenako ndinakhala pansi, nthambi ili pamiyendo.

"Mzere mumauona ndinu, achimwene. Tulukani nokha."

Anatukwana mpaka mawu anasasa. Matope anafika pachifuwa, kenako m'khwapa. Kutukwana kunatha, kunangotsala kupuma kwa befu. Achule amene anali atakhala chete anayambiranso nyimbo yawo ngati palibe chikuchitika.

Ndipo anatchula dzina langa. Dzina lenileni, lija amayi ankandiitana nalo ndikachedwa kosewera. Linatuluka movutikira, ngati msomali wadzimbiri.

"Ndikoke, mng'ono wanga. Chonde."

Ndinawapatsa nsonga ya nthambiyo. Kukoka ndiye ntchito imene ndinkaidziwa kuposa munthu aliyense m'nkhalango imeneyo. Matope anawalavula pang'onopang'ono, nsapato zonse ziwiri n'kutsalira momwemo. Anagona chafufumimba pamtengopo, misundu itawamatirira m'miyendo, akusanza madzi akuda.

Atapezako mphamvu anadzuka, osandiyang'ana kumaso.

"Tiye. Mtengo uja sitinaumalize."

"Kapezeni wapansi wina."

Dzanja lawo linafumbata chibakera monga mwa chizolowezi, koma anayang'ana matope aja, n'kuyang'ana nthambi imene inali idakali m'manja mwanga. Anatembenuka. Ndinawaona akuyenda pamtengo wakugwawo opanda nsapato, akupapasa ndi zala za kumapazi asanaponde.

Khutu lakumanzere silinamvenso mpaka lero. Koma lakumanja linamva bwino madzulo amenewo mabango akutsekeka kumbuyo kwawo. Ine ndinatsala pakachulu paja. Madzi anadikha, maluwa a kakombo anabwerera m'malo mwake, ndipo tombolombo wofiira anazungulira kawiri n'kutera pachigwiriro cha chikwanje.