Nsambo za a Chiphaliwali

Mayi wina anaika bokosi lalitali pathebulo la a Mthunzi osayang'ana n'komwe ngati panali malo, mpaka kachitini ka misomali kanagwera pansi.

"Bambo, ndikufuna muipale yonseyi, muipake penti yatsopano. Iwale ngati yam'sitolo. Loweruka ndibwera ndi eni ake."

A Mthunzi anali atakonza magitala m'kachipinda kameneka zaka makumi awiri, ndipo panalibenso chowadabwitsa. Koma atatsegula bokosilo anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Munali gitala yamagetsi yofiira, kapena tinene kuti inali yofiira kale. Pomwe pamatsamira mkono penti inali itatha mpaka thabwa kuonekera. Kumutu kwake kunali dzina la kampani, zilembo zagolide zija zimene woimba aliyense wa nthawi yawo ankazilota.

"Kodi ndinu mwana wa a Chiphaliwali?"

"Mumawadziwa bambo anga?"

"Kuwadziwa? Mwanawe, ndinaima kumbuyo kwawo zaka khumi ndi ziwiri ndikuimba gitala yachiwiri. Dzina la Mthunzili ukuyesa ndinalitola pamsewu?"

Anamukokera mpando, nkhani n'kuyamba kutuluka yokha. Anamuuza za magitala opanda dzina amene ankaimba poyamba, omwe nsambo zake zinkamasuka nyimbo ili pakati. Kenako kunabwera iyi.

"Tsiku limene inafika palibe anaimba. Tinangoizungulira kukamwa kuli yasa. Bambo ako anatilamula kuti tikasambe m'manja tisanaikhudze. Ndiye akakwera pansanja ankaima chammbali, mutu wa gitala ataulozetsa kwa anthu kuti aliyense awerenge dzinalo. Matama analipo, sindikana. Koma zala zimene zija, mwanawe! Ukaphethira, nyimbo yadutsa."

Mayiyo anamwetulira, koma kumwetulirako sikunachedwe kuzima. Anafotokoza kuti chidwalireni sitiroko zaka ziwiri zapitazo, bambo ake sanaigwirenso gitalayo. Adokotala anati dzanja lamanzere likufunika ntchito, apo ayi liumiratu. Koma iwo ankangokhala pawindo tsiku lonse, osalankhula, akunka nafota.

"Ndikawatulutsira amangoti, 'Bwezera, yatha ntchito imeneyo.' Ndiye ndati mwina ikawala aikondanso. Izi zikakanika, sindikudziwanso chochita."

Mayiyo atapita, a Mthunzi anatenga sandipepa, koma dzanja linakana. Anaiika pambali, n'kunyamula gitalayo kuti aimve kaye. Atadinikiza nsambo, zala zinawawa. Zinali nsambo zonenepa, zokwezedwa pamwamba moti pensulo ikanalowa pansi pake. Apa m'pamene anakumbukira. A Chiphaliwali ankaikonza choncho dala, kuti gitala ilire mwamphamvu komanso kuti wobwereka aibweze msanga. "Nsambo zofewa n'za ana a sukulu," ankatero.

Mtima wa a Mthunzi unawawa. Chimene mnzawo ankati chatha ntchito sichinali gitala ayi. Munthu wa dzanja lofooka akanadinikiza bwanji mawaya amene ngakhale iwo, ali bwinobwino, ankawalephera? Ayenera kuti anayesa ali okha, zinakanika, ndipo sanafune kuti wina aone.

Sabata imeneyo penti sanaikhudze. Anatsitsa nsambo pang'onopang'ono mpaka zinayandikira khosi la gitalayo, n'kuikapo zopyapyala kuposa zonse zimene anali nazo. Anachita zimenezi mtima uli m'mwamba, chifukwa kusintha nsambo za woimba osamufunsa n'chipongwe chachikulu. Kale woimba ng'oma wawo anangopotokola kachitsulo kamodzi kokha pagitalayi, a Chiphaliwali osamulankhula mwezi wathunthu.

Loweruka masana mayi uja analowa atagwira bambo ake pamkono. Atangoona gitala ili momwe anaisiyira, nkhope inagwa.

"Bambo, sabata yonseyi osachita kanthu?"

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," anatero a Mthunzi. "Pamene patha pentipa pathera mkono wa bambo ako. Ndipale zaka makumi anayi chifukwa cha chitini cha penti?"

A Chiphaliwali anatsamira ndodo, n'kuwayang'ana a Mthunzi kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mthunzi! Ukadali moyo? Tsitsi unalisiya kuti?"

"Linathawa phokoso lanu, achimwene. Khalani pansi."

"Gitala yako yachikasu ija ilipo? Mwana wanga, uyu atapeza yake ya dzina ankagona nayo pabedi. Mlamu anachita kumufunsa kuti asankhe."

"Ndinasankha bwino, zonse ziwiri zikadali kunyumba."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo mayiyo anawayang'ana bambo ake modabwa, poti kuseka kumeneko anali atakuiwala. A Mthunzi analumikiza gitala kuchokuzira mawu, n'kuisanjika pamiyendo pa mnzawo ngati sakuganiza kanthu.

"Tandimverereni ngati ikulira bwino. Makutu angawa anatha."

"Chotsa, yatha ntchito imeneyi."

"Kungoikhudza basi. Mmisiri sabweza katundu mwini wake asanayese."

A Chiphaliwali anang'ung'udza, komabe anakweza dzanja lamanzere lija movutikira, n'kuika chala pansambo. Nthawi yomweyo nkhope inasintha.

"Ndani wakhudza nsambo zanga?"

"Ndine."

"Izi n'za ana a sukulu! Wandiyesa chiyani iwe?"

"Ndakuyesani woimba, achimwene. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukafuna ndibwezera zakalezo pompano, muzikaiyang'ana ili m'bokosi."

Mayi uja anagwira chikwama chake mwamphamvu, akudikira kuti bambo ake adzuke azipita. A Mthunzi nawo anaona kuti mwina ubwenzi wathera pomwepo.

Koma chala chija sichinachoke pansambo. Chinadinikiza, dzanja lamanja n'kukhwacha, ndipo gitala inalira liwu limodzi loyera, lalitali. Linatsatira lachiwiri, kenako lachitatu. Sichinali chiphaliwali ayi. Nyimbo imene kale inkadutsa ngati mphepo tsopano inkayenda ndi ndodo. Koma kagwedezedwe ka chala kumapeto kwa liwu lililonse kanali komwe kaja, kamene a Mthunzi anayesa kukopera moyo wawo wonse osakatha. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo sanachite nayo manyazi. Anatenga gitala ina pakhoma, n'kukaima pamalo pawo, kumbuyo.

Telala wa khomo loyandikana anasiya makina ake n'kusuzumira. Anthu ena awiri odutsa anaimanso pakhomo.

"Mthunzi," anatero a Chiphaliwali osadzutsa mutu, "uike nsambo zina zoterezi m'bokosimo. Koma ukauza munthu, ndikumaliza."

Atatero anadzisuntha pampando pang'onopang'ono mpaka anakhala chammbali, mutu wa gitala utaloza kukhomo, kuti anthu aja awerenge dzina.