Pakona ya Mavwende

Ngolo zathu zimaima pamzere kunja kwa chipata cha doko, pomwe sitima zikuluzikulu zimatsitsira alendo. Mumzinda uno dzuwa silipita kutchuthi. Alendo amatsika atadzola kale mafuta oyera pamphuno, zipewa kumutu, makamera pachifuwa. Ena amakwera basi yosanjikizana ija yopanda denga. Ena amathamangira maboti okhala ndi galasi pansi kuti akaone nsomba. Okonda zachikale amabwera kwa ife a mahatchi.

Njira yathu ndi imodzimodzi. Kuchoka padoko timakwera chitunda cha ku linga lakale, kumene kuli mizinga yadzimbiri imene ana amakhalira pojambulitsa. Timatsikira ku nsanja ya nyale yowongolera sitima, n'kulowa mumsewu waukulu wa m'mbali mwa nyanja, kudutsa mahotela ndi anthu obwereketsa maambulera, mpaka kubwerera padoko. Anzanga amalongolola njira yonse, kunamiza alendo za nkhondo zomwe sizinachitike. Ine ndimangoloza ndi dzanja. "Linga." "Nyale." Pamzere amanditcha a Chete.

Hatchi yanga ndi yaikazi, yofiirira, ndipo yakula. Dzina lake ndi Madyera. Amene anamutcha dzinali ndi malemu mkazi wanga.

Mkazi wanga ankagulitsa mavwende oduladula pakatebulo, pakona pomwe msewu wa m'mbali mwa nyanja umakhotera pa masitepe otsikira kosambira. Tikamadutsa ankakhala atasunga makoko m'kabeseni. Madyera ankaima yekha, n'kutembenuzira mutu kumanzere.

"Wafika kasitomala wanga wopanda manyazi," ankatero mkazi wanga, uku akumuika khoko pakamwa. Kenako ankandiyang'ana ine. "Nanga inu, mwadya?"

Ndinkagwedeza mutu, ulendo n'kupitirira.

Anamwalira nyengo yotentha ya chaka chatha. Tebulo analitenga mwana wathu wamkazi amene anakwatiwa kutali. Pakona paja panangotsala dzimbiri pasimenti, pomwe pankaima chitsulo cha ambulera. Koma Madyera palibe anamuuza za maliro. Ulendo uliwonse ankafika pamalopo n'kuima. Ankatembenuzira mutu kumanzere, mphuno zikununkhiza mphepo. Akadikira pang'ono ankafwenthera, n'kuyamba yekha kuyenda. Ine sindinkakoka zingwe. Nanenso ndinkayang'ana komweko. Alendo ankayesa ndi malo ojambulira, ndiye ankaimirira n'kumajambula nyanja.

Zinasokonekera pamene a khonsolo anapaka penti yachikasu mumsewumo. Anati mbali ya kunyanja ndi ya mabasi a alendo ndi ngolo, ndipo palibe kuima kufikira pa siteji ya kutsogolo kwa nyumba yoonetsera nsomba. Madyera sadziwa penti. Tsiku lina masana anaima monga mwa masiku onse, basi ili pambuyo pathu. Dalaivala anaponda mabuleki mwamphamvu. Mayi wina mlendo amene anaimirira pamwamba pa basiyo akujambula anagwera pachitsulo cha mpando, mano akutsogolo n'kuthyoka. Magazi anatsikira pa masitepe a basi. Mwamuna wake anandilalatira m'chinenero chake. Sindinamve mawu, koma ndinamva.

M'mawa mwake kukhola kunabwera bwana woyang'anira zamayendedwe, amene timamutcha a Wezulo.

"Bambo, hatchi yanu imanyanyala pamsewu," anatero. "Lolemba likubwerali ndikwera ngolo yanu ineyo ndi adokotala a ziweto. Tizungulira njira yonse. Ikaima pomwe simunaiuze, chiphaso chake chathera pomwepo."

"Samanyanyala," ndinatero.

"Nanga imatani?"

Ndinawerama n'kutola ndowa ya madzi.

Khola ndi la khonsolo, ndipo hatchi yopanda chiphaso siigonamo. Ine ndimakhala m'kachipinda kamodzi pamwamba pa shopu yosoka nsapato. Wogula hatchi yokalamba mumzinda uno ndi mmodzi yekha. Tonse timaidziwa lole yake yobiriwira. Imachokera ku famu ya ng'ona ya kunja kwa mzinda, kumene alendo amakhala pamabenchi masana aliwonse kuonerera ng'ona zikudyetsedwa.

Mlongo wake wa mkazi wanga nayenso ali ndi ngolo pamzere pathu. Ndi munthu wa pakamwa. A Wezulo atangotuluka, anabwera atatenga chikwapu chake.

"Alamu, tengani ichi."

"Sindimenya hatchi."

"Ndani wanena zomenya? Inu mwakalambira pantchito ino koma simudziwa kuti chikwapu ndi cholizira? Mumachiponya m'mwamba, pambali pa khutu, chimalira thwa, hatchi imaiwala zomwe imaganiza. Taonani." Anachiliza. Nkhunda zinauluka padenga, mahatchi onse anaimika makutu. Kunsonga kwake anamangirirako ulusi wa mbedza kuti chizilira kwambiri. "Tiyeni kuseri ndikuphunzitseni. Dzanja limafuna kuzolowera."

"Ayi."

"Mlongo wanga anali ndi mtima, kukhala ndi mwala ngati inu zaka zonse zija. Mwala umaposa inu, ukauponya m'madzi umayankha."

Anachikoleka pamsomali pafupi ndi chitseko cha Madyera. Sindinachikhudze.

Mawa lake alamu anabwera ndi nzeru ina. Anagula chivwende, n'kukaima pa siteji yololedwa ija atanyamula makoko. Anati hatchi ikadziwa kuti chakudya chasamukira kutsogolo, pakona izidutsa yothamanga. Tinayesera ndi ngolo yopanda anthu. Madyera anafika pakona, anaima, anayang'ana kumanzere, anadikira. Kenako anayenda mpaka pa siteji n'kudya makoko a alamu onse. Tinabwereza mawa lake, ndi mkuja wake. Zinali zomwezo.

"Basi, tamuphunzitsa kuima kawiri," anatero alamu, akupukuta manja pathalauza. "Hatchi iyi ndi mwini wake mutu umodzi."

Tinayesa kumuveka zikopa zotchinga maso m'mbali. Anaimabe. Malowo sankawadziwa ndi maso okha. Ankawadziwa ndi mapazi, pomwe phula limathera n'kuyamba miyala yoyala.

Lamulungu madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinamusambitsa. Ndinamupesa mchira, ndinachotsa timiyala m'ziboda. Alamu anakhala pa ndowa yovundikira akundiyang'ana. Nthabwala zinali zitawathera.

"Alamu," anatero, "amene mukumudikira pakona paja anali mlongo wanga. Tinayamwa bere limodzi. Sabweranso. Koma lole ija ibwera."

Ndinapitiriza kupesa.

"Mukufuna alendo akamujambule ali m'kamwa mwa ng'ona?"

"Ndamva," ndinatero.

"Mwamva chiyani? Dzukani, tikayese chikwapu kusanade."

Sindinadzuke. Ndinkati mwina Madyera adzaona yekha kuti tsikulo ndi lina.

Lolemba kunatentha kuyambira m'mawa. Adokotala anali mayi wachitsikana, wovala nsapato zajombo ndi chikwama kumsana. Anamutsegula Madyera pakamwa, anamukweza miyendo umodziumodzi, anamvetsera pachifuwa.

"Mumaisamala, bambo," anatero. "Mano atha, koma mtima ndi miyendo zili bwino. Kwatsala msewu."

Pomanga ngolo ndinapeza chikwapu chili kale pampando wanga. Alamu anali kutali, akunamizira kumanga lamba wa hatchi yawo. Ndinachisiya pomwepo.

A Wezulo ndi adokotala anakhala kumbuyo, pansi pa kansalu kotchinga dzuwa. Tinakwera chitunda cha ku linga bwinobwino. Ana a sukulu anali pamizinga, anatibayibitsa. Pa nsanja ya nyale panali mzere wa alendo odikira kukwera masitepe, akudzipepeza ndi mapepala a mapu. A Wezulo ankafotokozera adokotala za tigalimoto tamagetsi timene khonsolo ikufuna kubweretsa. Ankati timeneto sitinya mumsewu ngati mahatchi.

Tinalowa mumsewu wa m'mbali mwa nyanja. Kumanzere anthu anagona pamchenga ngati nsomba zoyanika. Boti linkakoka munthu wolendewera pa chinsalu m'mwamba. Kumbuyo kwathu ndinamva injini ya basi yosanjikizana, ndi mawu a mtsikana wofotokozera alendo pa chimkuzamawu.

Ziboda zinasiya phula, zinayamba kugogoda pamiyala. Madyera anachepetsa liwiro. Khutu lakumanzere linatembenuka.

Adokotala anaweramira kutsogolo. Analankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha.

"Bambo, musailole. Ine sindikufuna kuitumiza kuja."

"Tiye," ndinatero kwa Madyera. Ndinagwedeza zingwe. Sanamve. Mutu unayamba kupita kumanzere.

Ndinatola chikwapu. Ndinachiponya m'mwamba monga ndinaonera alamu. Sichinalire. Chinangogwa lobodo pambali, ngati chingwe choyanikira zovala. Dzanja langa silinkachidziwa. Mawilo anali atatsala pang'ono kuima, ndipo ndinamva a Wezulo akukonza kukhosi.

Ndinachikwezanso, ndipo ulendo uno sindinalozetse m'mwamba. Ndinamumenya pamsana ndi mphamvu zanga zonse.

Madyera analumpha. Ngolo inagwedezeka, chipewa cha a Wezulo chinagwera mumsewu basi n'kuchiponda. Tinadutsa pakona tikuthamanga. Ndinalimbana ndi zingwe mpaka pa siteji ya nyumba ya nsomba, pomwe ndinamuimitsa ndekha. Ndinatsika kukamuona. Pamsana, pomwe ulusi wa mbedza unadutsa, khungu linang'ambika kuchokera pamwamba kutsikira m'nthiti. Magazi ankatuluka pang'onopang'ono, kusakanikirana ndi thukuta. Ntchentche zinafika nthawi yomweyo.

"Mwaona?" anatero a Wezulo, akuseka uku akusisita dazi lawo. "Nyama imamva chikwapu basi. Mukanayamba kale, mayi uja bwenzi ali ndi mano ake."

Padoko anandiuza kuti chiphaso chikhalabe. Alamu anathamanga kudzandigwira dzanja, koma ataona msana wa Madyera anabweza dzanja lawo.

"Ndinati m'mwamba, alamu."

"Munatero."

Ndinawapatsa chikwapu chawo.

Adokotala anatsuka balalo n'kulipopera mankhwala ofiirira. Anati ndisamuike zomangira ngolo mpaka litauma. Kenako ananyamula chikwama chawo n'kumapita.

Madzulo ake ndinagula chivwende. Ndinadya pang'ono, makoko ndinapita nawo kukhola. Nditatsegula chitseko Madyera anasunthira kukhoma, makutu atagona. Ndinatambasula dzanja kwa nthawi yaitali. Sanabwere. Ndinaika makoko m'chodyeramo, ndinatuluka. M'mawa ndinapeza atadya.

Bala linauma. Linasiya mzere wopanda ubweya, umene alamu amati ndi msewu wa khonsolo. Tinabwerera pamzere. Lole yobiriwira inabwera mwezi womwewo, koma inadzatenga hatchi ya munthu wina, imene inathyoka mwendo pachitunda cha ku linga. Ndinathandiza nawo kuikweza.

Madyera saimanso pakona. Ziboda zikangogunda miyala ija amagoneka makutu, amapanira mchira, n'kuyamba kuthamanga. Ndimachita kukulunga zingwe m'manja kuti ngolo isagwedeze alendo. Ndikamatero sindipeza mpata woyang'ana kumanzere. Sabata yatha alamu anandiuza kuti pamalopo pabwera mnyamata wogulitsa magalasi a dzuwa, ndipo dzimbiri lija analikwirira ndi kapeti. Ine sindinamuone.

Dzulo ndinanyamula bambo wina wachikulire ndi mkazi wake, anthu a pasitima. Anagwirana manja njira yonse. Ku linga anandipempha kuti ndiwajambule. Titayandikira masitepe otsikira kosambira, mayiyo anandigwira paphewa.

"Bambo, taimani pang'ono apa. Pakuoneka bwino nyanja."

Madyera anali atayamba kale kuthamanga.

"Pano sitiima," ndinatero.