Thumba la Mkodzo wa Eneya

"Kapu ya madzi munalonjeza ija ili kuti?" a Alesi anafunsa atamutsekereza namwino Chikondwero pakhomo la wodi. "Munati akakodza amwa. Milomo yang'aluka mwana wanga."

"Akakodza, mayi. Thumba lija likadali louma."

Eneya, mwana wawo wopalasa kabaza ku Nazombe, anagonekedwa ndi malungo aakulu, impso n'kuima. Nkhope inatupa, mapazi ngati maungu. Anamuika kapayipi kotsitsira mkodzo m'thumba pansi pa bedi, madzi akumwa n'kumamupatsa mochita kuyeza.

A Alesi sankamukhulupirira namwinoyu. Munthu wanji wosuzumira mkodzo wa mnzake tsiku lonse, kajagi kali kumanja? Kumudzi amadziwa zimene anthu amachita ndi zotuluka m'thupi la munthu. Ndiye mkodzo ukangoti wasonkhana, iwo ankatsegula kampopi ka thumbalo, kukhetsera m'chitini, kuvundikira ndi chitenje, ulendo wa kuchimbudzi.

Masana adokotala anagwira thumba lija n'kupukusa mutu. "Palibe chikutuluka. Timutumize ku Blantyre akamutsuke magazi pa makina."

A Alesi anayang'ana mwana wawo. Munthu wosatha kudzutsa mutu, msewu wonsewo?

Chikondwero anawerama n'kukhudza kampopi kaja. Kanali konyowa. Maso ake anagwera pa chitenje chotumphuka pamapazi pa a Alesi.

"Mayi, m'chitinimo muli chiyani?"

"Kalongonda."

"Kalongonda wa fungo limeneli?"

"Inu mumaufunanji mkodzo wa mwana wanga? Amakutumani ndani?"

"Ndimauyeza, n'kutaya. Ukamachuluka ndiye kuti impso zikudzuka. Inu mukutibisira, ife n'kumamumana madzi."

A Alesi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Muziyezera pompano, ine ndikuona. Kutaya ndikataya ndekha. Kajagi kanuko wotsuka ndine."

"Chabwino."

"Ndi kapu ya madzi ija, yodzadza."

"Theka."

"Yodzadza."

"Theka, mayi. Yodzadza madzi amuthawira m'mapapo."

A Alesi anavundukula chitini monyinyirika. Chikondwero anakhuthulira m'kajagi n'kuonetsa adokotala, ndipo iwo anati za ku Blantyre ziyambe zaima, aonenso kaye magazi.

Theka lija linabwera. A Alesi ananunkhiza, kulawa okha kaye, kenaka n'kumudzutsa mutu Eneya. Mwanayo anamwa pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire.

"Amene ndalawa aja mubwezeremo," anatero a Alesi, akutambasula kapu.

"Ayi," anayankha Chikondwero, natseka botolo la madzi.