Mphuno Pansi, Madzi Mkati

1.
Matenda anandiyamba m'mawa ndikusesa pabwalo. Ine Dolifa, mimba yoyamba, kwathu pachilumba cha Chisi. Azamba anandigwira pamimba n'kupukusa mutu.
Mwanayu wapingasa. Thamangani naye kumtunda.

2.
Zimene zinakwera m'boti la mwamuna wanga Lufeyo:
beseni
zitenje
ufa ndi nkhuni
nkhuku, imene mpaka lero sindidziwa anaitengeranji
ine, chigonere pakati
amayi anga a Nasimango, amene Mulungu anawapatsa thupi mosaumira
azakhali, amenenso sanamanidwe.

3.
Mkamwini ndi apongozi ake sayandikizana. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndiye poti Lufeyo malo ake ndi kumbuyo pa injini, amayi anakakhala kumphuno kwenikweni kwa boti, n'kumufulatira. Azakhali komweko. Katundu yense komweko, atamuunjika ngati mpanda.

4.
Mphuno pansi. Madzi mkati.

5.
Lufeyo akamafotokoza pamenepa sapuma:
nditangotsegula moto boti linayamba kulima madzi ngati khasu, uku mwera ukuwomba, funde lililonse likulowera kutsogolo, chogwirira chikundikokera uku ndi uku, ndiye ndazimitsa, ndazula kachitsulo kogwira injini kaja ndakasunthira bowo lakunja kuti injini ipendekeke inyamule mphuno, ndaliza, mphuno yadzuka pang'ono yagweranso, ndazimitsanso ndasunthira bowo lomaliza, apo ndiye pulopela yayamba kumeza mphepo kukuwa ngati nkhumba boti osayenda, mkazi wanga akubuula pamapazi panga, ine thukuta kamukamu, ndipo ndikudziwa bwinobwino kuti vuto si injini, vuto lavala chitenje chobiriwira ndipo linandiberekera mkazi

6.
Azakhali, anatero Lufeyo maso ali pansi, tawapemphani amayi asendere kuno.
Akuti musendere uko.
Auzeni bambowo kuti ine ndinaleredwa.
Akuti analeredwa.
Nanga inuyo, azakhali?
Azakhali anakwawa kubwera pakati, akukoka ufa, nkhuku ili kukhwapa. Mphuno inadzuka pang'ono chabe, mwamanyazi.

7.
Mphuno pansi. Madzi mkati.
Anandifika kumsana, ozizira. Azakhali akukapa ndi beseni lomwe lija losambitsira mwana. Ndinachita mantha. Mantha a ine ndekha anali ochepa. Ndinkaopera uyu wam'mimbayu, amene anali atasiya kugunda.

8.
Sindinawakwezerepo mawu amayi anga chibadwire. Tsiku limenelo ndinakuwa mpaka nkhuku inakhala chete.
Amayi! Ulemu wanuwo mukaupereka kwa matemba pansi pa nyanja? Mdzukulu mukumufuna kapena ayi?

9.
Amayi anatembenuka.

10.
Amayi akamafotokoza amati:
ine sindinakhale pafupi ndi munthu. Ndinakhala pafupi ndi injini.
Koma ine ndinawaona. Anavula mpango n'kudziphimba nawo kumaso. Anakwawa cham'mbali, poti wapakati sadumphidwa. Boti likupendama, azakhali akuitana Yesu. Atafika anangoti khu! pathabwa lakumbuyo, phewa lawo kugunda la mkamwini.

11.
Mphuno m'mwamba!
Lufeyo anabwezera kachitsulo pabowo lapakati. Anakoka chingwe. Injini inasiya kukuwa, inayamba kuyimba. Boti linadzuka, linakhala bwino pamadzi, kenako linathamanga, mayo ine, linathamanga, mafunde akungoseseredwa pansi, chogwirira chapepuka, mphepo ikung'amba makutu, mpango wa amayi uwo wauluka wapita, nkhope yawo poyera, dzanja lawo lagwira lamba wa Lufeyo osausiya, azakhali akululutira pamene palibe chimene chabadwa

12.
Mawu oyamba amene amayi analankhula kwa mkamwini wawo popanda mkhalapakati:
Bambo, kodi moto wake ndi womwewu? Onjezani!

13.
Doko la Kachulu. Galimoto. Nyali zoyera. Mpeni.
Kenako kulira, kakang'ono, kaukali.
Wamkazi.
Adokotala anati mukanachedwa pang'ono, tikanakamba zina. Amayi atamva anatuluka panja, anamupeza Lufeyo pakhonde, n'kupatukira kumaluwa monga mwa masiku onse.

14.
Mwanayo ndiwe, Mafuno, amene lero wagona pakati pa boti ndi mimba yako.
Ndiye leka kundiyang'ana ndi maso amenewo. Inde, ndakhala kumbuyo. Inde, bondo langali likugunda la mwamuna wako, ndipo anthu padoko paja aona, akakambe mpaka atope. Ufa ndauika pakati ndekha. Iwe gwira dzanja langa, puma, ululuwo ukabweranso undifinye.
Bambo, musandiyang'ane ine, yang'anani kutsogolo.
Mphuno yadzuka. Onjezani moto.