Zimbalangondo za a Blackson

Dumisani anakokera mpando wa bambo ake kukhoma, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Anabwerera pa TV n'kuyeza ndi maso. Mapazi khumi ndi awiri. Zinamukwanira.

"Mwawaika kutali," anatero Lenah, mkazi wake, akupukuta makapu. "Mukudziwa kuti saona kupitirira mkono wawo."

"Nanga alendo akhale pati?"

"Dokotala anati mvula ya Epulo ikamayamba, maso aja adzakhala atazimiratu. Inu mawa mukupita ku Juba kukagwira ntchito, miyezi iwiri. Akapanda kuonera lero, adzaonera liti?"

Dumisani anabaya fulashi kuseri kwa TV.

Linali Lamlungu masana ku South B, dera la mumzinda wa dziko la eni kumene ankakhala. Panali patapita masiku anayi chibwerereni iye ku Antarctica, kumene anayenda pa sitima masiku khumi ndi limodzi. Nkhope inali ikusupukabe ndi mphepo yakumeneko.

Bambo ake, a Blackson, anatuluka m'chipinda akupapasa khoma. Anali atavala chijekete chokhuthala cha ubweya m'khosi, kunja dzuwa likuswa mtengo. Anachigula kumsika wa kaunjika wa Gikomba mu Novembala, Dumisani atawauza kuti ulendowu apitira limodzi. Munthu amene anaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu ku Balaka, kujambula mapiri a madzi oundana pa bolodi ndi choko, osawaonapo. Anayeserera kuchivala milungu isanu ndi umodzi. Kenako Dumisani anawauza kuti sitimayo silola okalamba.

"Ababa, kukutentha," anatero Lenah.

"Ndikufuna ndizione nditavala, mwanangu."

Alendo anafika akuchokera ku Misa. Fraser, mnzake wa Dumisani wa kuntchito, ndi mkazi wake Carol, atanyamula mandazi m'pepala. Anapereka moni kwa mkuluyo atawerama, n'kukhala pa sofa, kutsogolo kwenikweni.

Kanema anayamba. Mafunde otuwa, aatali kuposa nyumba.

"Masiku awiri apa," anatero Dumisani. "Kusanza kokhakokha. Bedi limakutaya pansi."

Kenako bata. Timabwato ta labala, anthu atavala majekete ofiira. Gombe lakuda bii, lodzaza mbalame zoyenda chiimire.

"Mapengwini," anatero. "Fungo lake simungalipirire. Khola la nkhuku chikwi losasesedwa."

"Achimwene inu," Fraser anaseka mandazi ali m'kamwa, "kuwoloka dziko lonse kukanunkhiza zitosi za nkhuku zovala suti?"

Dumisani analoza pa kanema. "Taonani iyo. Ikuba mwala pachisa cha inzake. Mwini wake akatembenuka, basi, yatola."

"Ngati anyamata opisa m'matumba a ku Pangani," anatero Carol.

Onse anaseka. A Blackson anasekanso, mochedwa pang'ono. Anali atatambasula khosi, maso atawatsinzina theka, ngati munthu wosuzumira m'bango. Dumisani ankawayang'ana iwo, osati kanemayo.

Ankakumbukira khosi lomwelo lili lolimba, m'kolala yoyera. Iye ali Fomu 2, m'kalasi ya bambo akewo. Pa bolodi panali chimbalangondo choyera ndi pengwini, zitaima pa chibuma chimodzi cha ayezi. Dumisani anali atawerenga magazini ina ku parishi. Anakweza dzanja. Anati ziwirizi sizikumana, china chimakhala kumpoto kwa dziko, china kummwera. Bambo ake anamutulutsa, kumugwaditsa pa timiyala dzuwa lili paliwombo, buku la mapu atalinyamula pamwamba pa mutu, mpaka atanena kuti ndine wabodza. Ananena patapita maola atatu. Kabudula anali atanyowa kale, atsikana akuonera pa windo. Zaka zitatu zotsatira sukulu yonse inkamuitana kuti Pengwini.

"Agogo awo ndani?" anafunsa Carol.

Pa kanema panali mayi wamfupi wa imvi, anyamata awiri akumutsitsira m'kabwato, ndodo ili m'manja.

"Wa ku Japan. Zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi. Sanaphonye tsiku."

Lenah anaika tiyi pansi mwamphamvu.

"Dumi," mawu anachokera kukhoma. "Paja unati sitimayo silola okalamba?"

"Malamulo amasintha, Ababa."

A Blackson anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anakonza zipi ya jekete.

Tsopano panaoneka khoma la ayezi, loyera ndi mizere ya buluu, lalitali ngati phiri lodulidwa ndi mpeni. Panamveka kuphulika ngati mfuti. Chigamphu chachikulu chinathyoka n'kugwera m'madzi. Carol anakuwa. A Blackson anadzidzimuka, manja atagwira mpando.

"Chagwa? Chagwa chiyani? Chachikulu bwanji?"

Dumisani anaimitsa kanema.

"Tili ndi aphunzitsi m'nyumba muno," anatero. "Zaka makumi atatu. Aphunzitsi, tatiwerengereni. Pa ayezi apa pali zimbalangondo zingati?"

"Bambo a Tamanda," Lenah anauza mwamuna wake motsitsa mawu. "Chonde."

"Ndikungofunsa. Si amaona bwinobwino? Dzulo amauza dokotala kuti amawerenga nyuzi."

A Blackson anawongoka. Anali asanavomerepo pamaso pa mlendo kuti maso awathera. Anayang'ana kuwala koyera kuja nthawi yaitali. Munali timadontho tiwiri.

"Ziwiri," anatero ndi mawu a m'kalasi. "Chachikazi ndi mwana wake."

Fraser anaphulika kuseka. Kenako anaona nkhope ya Lenah, n'kutsamwa.

"Ndi azungu awiri akujambulana," anatero Dumisani. "Kulibe chimbalangondo kumeneko, Ababa. Ngakhale chimodzi. Ndinafunsa akatswiri a pa sitima. Ndinafunsa woyendetsa. Ndinayang'ana ndekha masiku khumi ndi limodzi. Ndiye tandiuzani, wabodza ndani?"

Funso limeneli analisunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Analiyeserera m'mabwalo a ndege, m'mahotela, pamwamba pa sitima mphepo ikucheka makutu.

"Wabodza?" A Blackson anatembenuzira khutu kwa iye. "Wa chiyani?"

"Fomu 2. Timiyala. Buku la mapu."

Mkuluyo anaganiza. Anaganiza ndithu, milomo ikuyenda. Sankanamizira.

"Ndinagwaditsa ana ambiri, Dumi," anatero pomaliza. "Ena lero ndi madokotala."

M'nyumbamo munangomveka hutala ya minibasi, zija amazitcha matatu, kumsewu. Carol anayang'ana wotchi imene sanavale.

"Tiyenera kukatenga ana ku Buruburu," anatero. "Jamu ya magalimoto ya Lamlungu mukuidziwa."

"Eya, eya," Fraser anaimirira. "Ababa, tsalani bwino. Pole sana, pepani kwambiri."

A Blackson anakweza dzanja, kulozetsa kumene kunalibe munthu. Kenako analitsitsa. Mawu a m'kalasi aja anali atachoka.

"Sindikuona kanthu, mwana wanga. Utsi wokhawokha. Ndisendeze pafupi. Zinazo zisiye. Namgumi yekha. Lenah akuti unamujambula."

Dumisani anapita kukhoma, kuwaimiritsa bambo ake powagwira m'chigongono, kunyamula mpando uja yekha n'kuuika patsogolo penipeni pa TV. Anawakhazika bwinobwino, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Lenah anapumira m'mwamba. Anamugwira mwamuna wake paphewa, n'kutuluka kukaperekeza alendo ku geti.

Anatsala awiri.

Namgumiyo analipodi. Masekondi makumi anayi, kumapeto kwa kanema. Anatulukira pambali pa kabwato, pafupi moti mpweya wake wonunkha nsomba unawanyowetsa kumaso. Diso lake linali ngati mbale. Linamuyang'ana Dumisani, n'kumira, mchira n'kutsatira, madzi akuyenderera m'mphepete mwake. Dumisani analira m'kabwatomo, misozi ikuuma pamasaya. Ndipo munthu woyamba amene anafuna kumuuza sanali Lenah. Zimenezo n'zimene zinamukwiyitsa ulendo wonse wobwerera.

Rimoti inali m'manja. Chala chinali pa batani.

Anayang'ana pankhongo pa bambo ake. Thukuta linkatsikira mu ubweya wa jekete. Anadikira. Mawu amodzi okha. Ngakhale kungoti ndakumbuka.

"Fulumira, Dumi," anatero a Blackson. "Iwe kuchedwa m'mutu sunasiye."

Dumisani anapisa dzanja kuseri kwa TV n'kuzula fulashi. Galasi lonse linasanduka buluu, wosalala, wopanda kanthu.

A Blackson anakoka mpweya.

"Aa! Nyanja yake ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyo."

"Yoyera bwino chonchi? Yopanda ndi funde lomwe." Anakweza chala n'kukhudza galasi mwaulemu, ngati akukhudza nsalu ya paguwa. "Ndinkawauza ana aja. Sankandikhulupirira. Nanga namgumi ali kuti?"

"Ali pansi. Amatenga nthawi."

"Atulukira mbali iti?"

"Kumanzere. Musaphethire. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anaponya fulashi m'thumba la malaya. Analowa kuchipinda, kutsitsa chikwama pamwamba pa wadirobu, n'kuyamba kupinda malaya a ku Juba. Chitseko anachisiya chotsekula. Kuchokera pa bedi ankawaona bambo ake chakumbuyo, atawerama m'chijekete chawo, manja ali pa maondo, mutu utapendekera kumanzere.