Supuni ya Hajja Fathiya

Matenda a lupasi anamupeza Sabreen ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anamuyamwa mpaka kutsala mafupa okhaokha. Kenako kunabwera mapiritsi a kotizoni. Masaya anadzaza, nkhope inakhala ngati mwezi, ndipo apongozi ake, Hajja Fathiya, anayamika Mulungu ndi njati yawo yoweta ya mkaka. Kwa iwo nkhani inali yosavuta: mwanayu wachira ndi samna. Paja tsiku lomwe Sabreen anatuluka m'chipatala, mayiwo analumbira pa dzina la Mulungu, mudzi wonse ukumva, kuti tsiku lililonse adzamupatsa supuni yodzaza ya batala wosungunulayo mpaka matenda atatheratu. Zaka zisanu zinadutsa osaphonya. Ngakhale m'mwezi wa Ramadani supuniyo inkangodikira kuti dzuwa lilowe.

Ndiye Lachiwiri lina kuchipatala cha mumzinda wa Sohag, dokotala wamkazi anayendetsa kachipangizo kozizira pakhosi pa Sabreen. Atayankhula sanapite m'mbali. Anati mitsempha ya magazi yayamba kuuma ndi kuchepa mkati, ngati ya munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Lupasi imanyeka m'mitsemphamo mwakachetechete, kotizoni amakweza shuga ndi mafuta, ndipo magazi ake anali atayamba kuthamanga kwambiri. Za mankhwala anati azikonza yekha, koma za mchere, utsi wa fodya ndi samna, mwini wake ndi Sabreen.

M'minibasi pobwerera, Sabreen anachita mantha enieni. Rahma, mwana wake yekhayo, anali asanayambe n'komwe sukulu.

Mwamuna wake, Atef, sanavute. Munthu wofuna mtendere kuposa chilichonse, ananyamula shisha wake, kaliwo wamkulu wa fodya, kukamusutira padenga, akudandaula za masitepe. Koma atamva za samna anakweza manja, nati zimenezo akambirane okha akazi, iye sakufuna kufa asanakalambe.

M'mawa mwake supuni inabwera monga mwa masiku onse, ikunyezimira. Sabreen anatseka pakamwa.

"Amayi, lero sindidya. Mawanso ayi."

Hajja Fathiya anaseka, kenako anakwiya. Anafunsa ngati dokotala wa zala zoonda uja anaberekapo ana asanu ndi awiri. Anakumbutsa kuti ndi manja awo omwe anakama njatiyo ndi kupukusa mkaka, pomwe ena anali gone. Pomaliza anatulutsa chida chachikulu: lumbiro. Kodi Sabreen akufuna kuti iwo akapse ndi moto chifukwa cha iye?

Supuniyo inabwerera mumtsuko masiku anayi otsatizana, ndipo masiku anayi onsewo apongozi sanamuyankhe moni. Zinamupweteka Sabreen, chifukwa ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti nthawi imene aliyense ankamuona ngati maliro oyenda, mayi awa ndi amene anamusambitsa. Koma mwana wa mwini akati watsimikiza, watsimikiza. Ankadzuka mbandakucha, dzuwa lomwe limamuwotcha khungu lisanatuluke, n'kuyenda m'mbali mwa ngalande mpaka pampope ndi kubwerera.

Tsiku lachisanu Sabreen anapeza apongoziwo akupesa tsitsi la Rahma, atatambasula miyendo yawo yotupa. Anagwada, anatenga dzanja lawo lonunkhira mafuta, naliika pakhosi pake pomwe mtsempha umagunda.

"Hajj Mabrouk anagwa ali ndi zaka zingati, Amayi?"

"Usanditchulire malemu mwamuna wanga iwe."

"Makumi asanu ndi limodzi. Dokotala akuti mtsempha mwagwirawu wafika pa msinkhu wawo umenewo. Masayawa ndi mankhwala, si kuchira. Ndikagwa, Rahma muzimuthamangitsa ndi mawondo amenewa?"

Dzanjalo silinachoke msanga. Sabreen anawonjezera mofatsa zomwe aliyense amadziwa, kuti lumbiro likaposedwa ndi chabwino china, munthu amalimasula podyetsa osauka khumi. Mayiwo anamuuza kuti asawaphunzitse chipembedzo m'nyumba mwawo, n'kupitiriza kupesa mwankhanza mpaka Rahma analira.

Lachisanu lotsatira, uvuni wadothi unayaka kuyambira m'mamawa. Hajja Fathiya anakanda fitiri, buledi wa mapindamapinda uja, akuthira samna mopanda chisoni mpaka supuni inagogoda pansi pa mtsuko. Anapanga khumi, ndipo Atef anapita nawo pakhomo la mzikiti kukagawira osauka.

Sabreen anapeza mbale yake patebulo: mphodza zowiritsa, ndimu pambali, mchere ayi. Apongozi anaima potero atagwira m'chiuno, maso ali ofiira, akuti ndi utsi.

"Idya zosakomazo," anatero. "Ndipo wallahi, ndikulumbira, wodzandiika m'manda ndiwe. Lumbiro limeneli sindimasula."